Vuto la Red Wings lili kuofesi, musathamangire kuchotsa kochi

Akonzi,

Ndipatseniko malo pa tsamba lanu la makalata ndikambepo za masewero amene ambiri kuno sawatsatira koma ife ochepa amene timawatsatira atiwawitsa mtima mu 2025. Ndikunena hockey ya pa ayisi ya mu ligi ya NHL ku America ndi Canada, ndipo timu yake ndi Detroit Red Wings. Ndikulemba sizoni ya 2024-25 itangotha, ndipo anyamatawa alepheranso kulowa mu ma playoff, masewero omaliza olimbirana chikho, zaka 9 zotsatizana, chinthu chimene sichinachitikepo mu mbiri yonse ya timuyi. Kuno ku Zomba tilipo kagulu ka anthu amene tinasewerako hockey ya ndodo ya pa udzu tili kusukulu, ena ku Chirunga ena kusekondale, nde titayamba kuona ya pa ayisiyi pa foni tinangokodwa, ena a Toronto ena a Edmonton, ine ndi anzanga awiri atatu ndife a Detroit chifukwa cha achimwene ena amene anakaphunzira ku Michigan n'kutitumizira jezi yofiira ya gudumu lamapiko ija. Magemu ake amayamba cha m'ma 1 kapena 2 koloko usiku nthawi ya kuno, ambiri timangoonera zidule zake m'mawa bandulo ikalola.

Chimene chandilembetsa n'chakuti chithereni sizoni anzanga ena akuti kochi Todd McLellan nayenso achoke, eti timu yagweranso m'manja mwake mu Malichi. Ine ndikukana. Ndipo ndikukana mwamphamvu chifukwa nthenda ya Malichiyi tinaiona McLellan asanafike n'komwe.

Kwa amene sadziwa, ligiyi ili ndi matimu 32, mu sizoni ya 2024-25 timu iliyonse inasewera magemu 82 kuyambira Okutobala mpaka Epulo, ndipo matimu 16 ndi amene amalowa mu ma playoff kukalimbirana Stanley Cup. Ukapambana ndi mapointi 2, ukagonja mu nthawi yowonjezera umatolako pointi imodzi, ukagonja mu mphindi 60 zenizeni ulibe kanthu. Detroit si timu wamba ayi, yatenga chikhochi ka 11, komaliza mu 2008, ndipo kuyambira 1991 mpaka 2016 inalowa mu ma playoff masizoni 25 osaphonya. Bwalo lawo latsopano la Little Caesars Arena analitsegula mu 2017 koma pofika 2025 linali lisanaonepo gemu ya playoff ya Red Wings ngakhale imodzi.

Tiyeni tione mmene zakhala zikuyendera. Kumapeto kwa Febuluwale 2023 timu inali ikununkhiza malo a playoff, kochi ali Derek Lalonde sizoni yake yoyamba. Anapita ku Ottawa kukasewera masiku awiri otsatizana n'kukaswedwa 6-2 kenako 6-1. Pompo bwana wamkulu wogula ndi kugulitsa osewera Steve Yzerman anangoti basi chaka chino ayi, anagulitsa Tyler Bertuzzi ku Boston, Filip Hronek ku Vancouver, Jakub Vrana ku St. Louis. Apo sindidandaula kwambiri, timu inali isanapse, anatha ndi mapointi 80.

Ya 2024 ndi imene mpaka pano ndikaikumbuka mtima umandiwawa. Pa 27 Febuluwale anathibula Washington 8-3, inali gemu yachisanu ndi chimodzi kupambana motsatizana, aliyense ankati chaka chake ndi chino basi. Kenako zinangoti gwaa, magemu 7 otsatizana kugonja opanda ngakhale pointi imodzi, kaputeni Dylan Larkin anavulala n'kukhala panja magemu angapo ndipo timu yonse inasokonekera osadziwa kolowera, mpaka kugonja kawiri ndi Arizona, timu imene inali m'munsi ndipo miyezi yochepa chabe inasamuka n'kupita ku Utah. Anayesetsa kudzuka mu Epulo, tsiku lomaliza ku Montreal David Perron anagoletsa chobweza kutatsala masekondi atatu okha, anapambana pa ma shootout, amene ali ngati mapenate, koma nthawi yomweyo Washington inali itapambana ku Philadelphia. Onse awiri mapointi 91, koma malamulo amati mukafanana amaona amene wapambana magemu ambiri mu mphindi 60, nde anapita a Washington. Pointi imodzi yokha mu magemu 7 aja ikanakwana.

Nde sizoni ya 2024-25 inayamba moipa, pofika Khrisimasi Lalonde anali atapambana 13, kugonja 17, ndi 4 zogonja mu nthawi yowonjezera, masapota m'bwalo akukuwa kuti achotsedwe, ndipo pa 26 Disembala 2024 anamuchotsa pamodzi ndi womuthandiza Bob Boughner. Ine pamenepo ndinagwirizana nazo, anyamata ankaoneka amantha, akatsogola ankangobwerera m'mbuyo kudikira kuti awabweze. Anabwera McLellan, munthu amene anali wothandizira Mike Babcock pomwe Detroit inatenga chikho mu 2008, anaphunzitsaponso San Jose, Edmonton ndi Los Angeles. Gemu yoyamba anagonja ndi Toronto, kenako anapambana 7 zotsatizana, patapita kanthawi anapambananso zina 7 zotsatizana. Pofika pa tchuthi cha mpikisano wa 4 Nations mu Febuluwale timu imene inali pansi inali italowa pa mzere wa playoff. Atabwerako, yomwe ija. Anagonja ndi Columbus ku Detroit konko, anagonjanso ndi Columbus pa 1 Malichi pa gemu ya panja ku Ohio Stadium pamaso pa anthu oposa 94,000, kenako Carolina, Utah, Washington, Ottawa, magemu 6 otsatizana. Anatha ndi mapointi 86, Montreal inalowa ndi 91.

Tsono anzanga amene mukuti kochi achoke, werengani nokha. M'manja mwa McLellan timu inasewera magemu 48, inapambana 26, kugonja 18, ndi 4 za nthawi yowonjezera, amenewo ndi mapointi 56. Mukayendetsa liwiro lomwelo pa magemu 82 mupeza mapointi oposa 95, kutanthauza kuti akanayamba naye mu Okutobala bwenzi tikukamba zina. Munthu anapatsidwa timu ili m'dzenje, osewera sanasankhe yekha, analibe ngakhale nthawi ya kampu yokonzekera sizoni, anangofika lero mawa lake gemu. Ndipo chachikulu n'chakuti makochi awiri osiyana makhalidwe, wina wofatsa wina wolankhula mosapsatira, onse agwa mwezi womwewo mofanana. Zikatero funso liyenera kuchoka pa benchi n'kukwera masitepe kupita kuofesi.

Pali chinthu chimene ife ozolowera mpira wa miyendo sitimachimvetsa msanga pa hockey. Mu mpira ukhoza kukhala ndi anyamata 11 abwino n'kuwaseweretsa mphindi 90, a pa benchi n'kumangotenthetsa thupi sizoni yonse. Mu hockey sizitheka. Pa gemu umavala osewera 20 kuphatikizapo magoloboyi awiri, pa ayisi pamakhala 5 ndi goloboyi, ndipo amasinthana pasanathe ndi mphindi imodzi yomwe chifukwa liwiro lake munthu sungalipirire. Akutsogolo amakhala m'magulu anayi a anthu atatuatatu, otchinga kumbuyo awiriawiri magulu atatu, onse amalowa. Palibe pobisa munthu wofooka. Ngakhale katswiri wotchinga kumbuyo ngati Moritz Seider amasewera mphindi za m'ma 25 pa 60, zotsalazo akhala pansi akuonerera anzake. Nde mu Malichi magemu amathithikana, lero gemu mawa ndege mkuja gemu, pena masiku awiri otsatizana, matupi ali ndi mabala a miyezi isanu, matimu onse amene akufuna playoff amayamba kusewera mothina osapereka mpata. Nthawi imeneyo timu imene imadalira anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi imaonekera poyera.

Detroit ndi timu yotero. Pamwamba ili bwino ndithu, Lucas Raymond wa ku Sweden anatha ndi mapointi 80, Alex DeBrincat zigoli 39, Larkin 30, Patrick Kane ngakhale wakula manja ake akadali omwe aja, Seider wa ku Germany kumbuyo ndi khoma, Simon Edvinsson akukula bwino, ndipo kamnyamata ka ku Austria Marco Kasper kanatidabwitsa tonse McLellan atakakweza kukasewera ndi akuluakulu. Koma kuseri kwa amenewa kuli ndani? Vladimir Tarasenko anamusainitsa kuti azigoletsa, sizoni yonse zigoli 11. Andrew Copp atavulala mu Febuluwale n'kuchitidwa opaleshoni pakati panatseguka ndipo panalibe wotseka, monga mmene zinakhalira Larkin atavulala mu 2024. Zili ngati mlimi amene wathira feteleza wokulitsa yekha, chimanga n'kubiriwira mpaka anthu odutsa kumayamikira, koma wobereketsa sanagule, nde pokolola akapeza zitsononkho zokhazokha n'kumathamangitsa waganyu amene anapalira.

Wogula feteleza pano ndi Yzerman. Ndikudziwa kuti kwa a Detroit dzina limeneli ndi lolemekezeka ndipo inenso ndimamulemekeza, anali kaputeni kuyambira 1986 mpaka 2006, ananyamula chikho mu 1997, 1998 ndi 2002 pansi pa Scotty Bowman, kenako anakamanga timu ya Tampa Bay imene inadzatenga zikho mu 2020 ndi 2021 iye atachokako. Anabwerera ku Detroit mu Epulo 2019 n'kupeza timu yowola, yodzaza makontrakiti olemera a osewera otha, ndipo palibe angakane kuti posankha achinyamata ali ndi diso, Seider anamutenga pa nambala 6 mu 2019 anthu akudabwa, mnyamatayo n'kudzakhala wosewera watsopano wopambana onse mu 2022. Koma pofika 2025 zaka 6 zinali zitakwana. Makochi wadutsa nawo atatu, Jeff Blashill, Lalonde, pano McLellan. Ndalama zambiri anaziika pa osewera apakatikati kwa zaka zambirimbiri, Ben Chiarot, Copp, J.T. Compher, Justin Holl, anthu olimbikira inde koma osati osintha gemu. Mu Juni 2024 anapereka Jake Walman ku San Jose, n'kuwonjezeranso mwayi wosankha wosewera mu raundi yachiwiri ya nthawi yosankha achinyamata kuti amulandire, osalandirapo kanthu kooneka, chonsecho kumbuyo n'kumene timu ikudontha. Shayne Gostisbehere anapita ku Carolina, Perron ku Ottawa. Kodi zimenezi anapanga ndi kochi?

Ndipo tsiku lotseka msika wa osewera, pa 7 Malichi 2025, timu ili pakati pa kugonja kuja ikufuna thandizo, chimene chinabwera ndi goloboyi Petr Mrazek ndi Craig Smith kuchokera ku Chicago posinthana ndi Joe Veleno. Basi. Sizoni itatha Larkin mwini wake ananena poyera kuti kusachita kanthu pa msikapo kunawagwetsa mphwayi anyamata. Ena anamudzudzula kuti kaputeni salankhula choncho, kuti osewera akanangopambana okha, ndipo mbali ina ndikuwamva chifukwa palibe amene anawamanga miyendo pa magemu 6 aja. Koma munthuyu ndi mwana wa ku Michigan konko, analawa playoff kamodzi kokha mu 2016 ali wachisodzera, magemu asanu ndi Tampa Bay, kuchokera apo zaka zake zabwino zikungotha, ine sindingamuimbe mlandu ponena zimene zili mumtima mwake. Matimu amene ankalimbirana nawo malo, Ottawa ndi Montreal, anayamba kumanga nthawi yofanana kapena mochedwerapo, onse analowa mu 2025.

Za goloboyi ndiye musanene. Cam Talbot wa zaka 37 anayesetsa, Alex Lyon pena amagwira pena ayi, Ville Husso anamutumiza ku Anaheim, Mrazek anangofika n'kuvulala. Palibe mmodzi amene ungati uyu ndiye mwini golo, gemu ikavuta atibera. Taonani zimene zinachitika ku Ottawa pa 10 Malichi, Detroit inaponya mashoti oposa 40 koma Linus Ullmark anangoima nji, Ottawa n'kupambana 2-1. Ottawa inapita kukamugula munthu ameneyo ku Boston chifukwa inadziwa chimene ikusowa. Anzanga amakonda kunditchulira St. Louis Blues ya 2019, kuti anachotsa Mike Yeo n'kuika Craig Berube, timu imene inali kumapeto kwa ligi yonse kumayambiriro a Januwale n'kudzatenga Stanley Cup mu Juni. N'zoona zinachitika. Koma amaiwala kuti Berube anabwera mu Novembala ndipo timu inapitiriza kuvutika mpaka pomwe anaika goloboyi wachinyamata Jordan Binnington mu Januwale, kuwonjezera apo anali kale ndi Ryan O'Reilly, Alex Pietrangelo ndi otchinga kumbuyo amphamvu. Kochi anapeza zida zili m'nyumba kale.

Sindikunena kuti McLellan alibe choyankha ayi. Chilipo chimodzi chachikulu. Mu hockey wosewera akalakwa amakakhala pa benchi ya chilango mphindi 2, timu yake n'kutsala anthu 4 kulimbana ndi 5, ndipo kudziteteza pa nthawi imeneyi, penalty kill, ndi ntchito imene kochi amaiphunzitsa pa bolodi, uyu aime apa, uyu atseke njira iyi, uyu athamangire puck, kamphira kamene amamenya m'malo mwa mpira, nthawi yakuti. Detroit inali yomaliza mu ligi yonse pa zimenezi, inkapulumuka pafupifupi ka 70 pa 100 kokha pomwe matimu abwino amapitirira 80. Vutoli analipeza, inde, koma iye ndi womuthandiza Trent Yawney anakhala nalo miyezi inayi osalithetsa. Timu yomweyo ikakhala ndi munthu wowonjezera, pa power play, inali m'gulu la matimu apamwamba kwambiri mu ligi, nde zimene ankakolola mbali iyi ankazitaya mbali inayo. Apa ndiye ndikufuna ndidzaone kusintha mu Okutobala 2025, akakhala ndi kampu yake yonse, ndipo zikadzakhala chimodzimodzi ndidzakhala woyamba kufunsa. Chinanso n'chakuti anyamatawa akagonja ziwiri zotsatizana mu Malichi nkhope zimagwa, umachita kuona pa kanema kuti akukumbuka za chaka chatha, ndipo kuchotsa mantha amenewo ndi ntchito ya kochi pamodzi ndi kaputeni. Koma zimenezi munthu umamuyeza utamupatsa sizoni yathunthu, osati theka.

Akonzi, mwina owerenga ena akuti kodi za ku Detroit zikutikhudza chani ife a ku Chinamwali ndi ku Sadzi. Ine ndikuona kuti khalidwe lake ndi lomwe tili nalo pa mpira wathu. Flames yokha taonani, a Meck Mwase, a Mario Marinica, a Patrick Mabedi, kenako a Kalisto Pasuwa, zaka zochepa zomwezi, ndipo aliyense akamachoka timaomba m'manja kuti vuto latha, osafunsa kuti kodi anyamata akuchokera kuti, akuphunzira mpira pa mabwalo otani, ndani akuwasaka kumaboma. M'makalabu a Super League ndiye kochi amatha kuchotsedwa atagonja magemu atatu pomwe osewera sanalandire malipiro ndipo amene anagula osewerawo akhala phee pa mpando wa ulemu. Timakonda kochi chifukwa ndi amene timamuona waima pamzere, ndi wosavuta kumuloza chala, ndipo kumuchotsa kumatonthoza masapota kwa mwezi umodzi. Amene amasaina macheke ndi makontrakiti sitimawaona pa kanema kawirikawiri nde amapulumuka.

Ku Detroit eni timu, banja la a Ilitch, akuoneka kuti amamukhulupirira Yzerman kotheratu, ndipo ine sindikuti achotsedwe mawa. Achinyamata amene wasunga ku Grand Rapids, timu yawo yokulitsira osewera, ndi kwina alipo, goloboyi Sebastian Cossa, Axel Sandin Pellikka wa ku Sweden, Nate Danielson, mwina mwa amenewa mutuluka ena otithandiza. Koma kudikira achinyamata kuli ndi malire ake chifukwa pomwe iwo azidzakhwima Larkin adzakhala atadutsa zaka 30 ndipo Kane adzakhala atapachika nsapato. Miyezi ikubwerayi, pa nthawi yosankha achinyamata mu Juni ndi msika ukatsegulidwa pa 1 Julaye 2025, ndikufuna ndione zinthu zitatu zokha, goloboyi weniweni woti n'kuima magemu 50, wotchinga kumbuyo wina wodalirika woti athandize Seider ndi Edvinsson, ndi munthu mmodzi wogoletsa amene sadikira power play. Ngati kutero kukufuna kupereka ena mwa achinyamata amene akuwasungawo kapena mwayi wosankha mu raundi yoyamba, apereke, matimu onse amene anatengapo chikho anafika pena n'kulipira mtengo. Akamupatsa McLellan zimenezo timu n'kudzagwanso mu Malichi 2026, pamenepo anzanga mudzandipeze tidzakambirane za kochi. Akapanda kumupatsa, funso lidzapite kwa amene sanagule.

Pomaliza ndikupempheni inu akonzi kuti tsamba la masewero lizitikumbukirako ife a hockey, ngakhale kandime kamodzi pa sabata. Sindikunena ya NHL yokha, ngakhale yathu ya ndodo yomweyi, bwalo labwino lilipo ku Blantyre, matimu aamuna ndi aakazi akusewera, koma zotsatira zake timachita kufunsana pa foni chifukwa m'nyuzipepala simupezeka.

Wowerenga wanu,
Matawale, Zomba